Sukulu Kuseri kwa Malire: Hewe, Khondowe ndi Maulendo a Ofuna Maphunziro

Hewe ndi chigwa cha kumadzulo kwa boma la Rumphi, dziko la Themba Katumbi. Kumpoto chakum'mawa kwake kuli mapiri a Nyika, kumwera kuli dambo la Vwaza, ndipo dzuwa likamalowa limalowera ku Zambia. Munthu wa pa Katowo akanyamuka kupita kwa Muyombe, komwe ndi dziko lina, amakafika msanga kuposa mnzake amene walunjika ku Mzuzu. Uku ndi uko anthu amayankhula Chitumbuka, amakwatirana, amalirana maliro. Malire amene Angerezi adalemba mu 1891 adangotsata mtunda wogawa madzi: mitsinje yotsikira ku Luangwa idapita ku dziko limene lidadzatchedwa Northern Rhodesia, yotsikira kunyanja idatsala kuno. N'chifukwa chake nkhani yokaphunzira kunja, imene lero timangoiganizira pamodzi ndi ndege, pasipoti ndi majekete a chisanu, m'dera lino idayamba ndi mapazi. Ndipo poyambirira penipeni akunjawo ndiwo ankabwera kuno.

Ulendo wautali sudali chinthu chachilendo kwa anthu a ku Hewe ngakhale sukulu isanabwere. Ufumu wa a Katumbi udachokera kwa Abalowoka, amalonda amene adawoloka nyanja kuchokera kum'mawa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, atasenza nsalu, mikanda ndi makasu zogulira minyanga ya njovu. Chikulamayembe adakhazikika ku Nkhamanga, Katumbi ku Hewe, abale awo ena adapitirira mpaka kutsikira m'chigwa cha Luangwa. Njira zimene adaponda amalondawo ndi zomwe pambuyo pake adadzaponda aphunzitsi a mishoni, anthu opita kumigodi, ndi anyamata osaka sukulu.

Mishoni ya Livingstonia idayambira ku Cape Maclear mu 1875, idasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako mu 1894 Dr Robert Laws adakwera pa Khondowe, kum'mawa kwa Nyika, m'boma lomweli la Rumphi, n'kutsegula sukulu yaikulu ya Overtoun Institution. Tisaiwale kuti ena mwa aphunzitsi oyamba a mishoniyi adali anthu akuda anzathu ochokera kutali. Mu 1876 kudafika Axhosa anayi ochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Koyi, amene ankamvana chiyankhulo ndi Angoni a M'mbelwa, adamwalira ku Njuyu mu 1886 ndipo manda ake ali konkuno.

Pa Khondowe ankaphunzitsa uphunzitsi, ubusa, zachipatala, ukalaliki, kutumiza matelegalamu, ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku. Pofika 1905 pamalopo padali magetsi opukusidwa ndi madzi. Koma chimene chikutikhudza pano n'chakuti mishoniyi sidalabadire mzere wa 1891 uja. Idatsegula Mwenzo pakati pa Anamwanga mu 1894, Chitambo mu 1907, ndipo idafikanso ku Lubwa ndi ku Chasefu, malo onsewa ali ku Zambia lero. Mwana wanzeru wa ku Mwenzo akamaliza zimene sukulu ya kwawo ikadatha kumupatsa, ankamanga kamba wake n'kuyenda masiku ambiri kudzaphunzira pa Khondowe. Mmodzi wa otere adali Donald Siwale, amene atabwerera kwawo adakhala m'gulu la oyambitsa bungwe la Mwenzo Welfare Association, lotengera nzeru ku North Nyasa Native Association ya 1912 ya anzake a Levi Mumba. Nawo a kuno ankawoloka kupita uko. David Kaunda, Mtonga wa kunyanja wophunzira pa Khondowe, adatumizidwa ku Chinsali cha m'ma 1904 kukalalikira ndi kuphunzitsa Abemba. Mwana wake Kenneth, wobadwira ku Lubwa mu 1924, adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia.

Ine ndimaona kuti m'mbiri yonse ya dera lino, nyengo imeneyi ndiyo idayandikira kwambiri chimene lero amachitcha kusinthana ophunzira. Anthu ankapita mbali zonse ziwiri, ankadziwa kuti adzabwerera liti, ndipo zimene aphunzira kutsidya zinkagwira ntchito kwawo popanda wofunsa ngati setifiketi yake ndi yovomerezeka. Chidali chotheka chifukwa mpingo udali umodzi ndipo silabasi idali imodzi. Hewe, Nthalire ndi Muyombe zidali pakati pa njira zimenezi.

Nanga n'chiyani chidachititsa anthu a chigawo chino kukakamira sukulu chotere? Atumbuka ndi Ahenga ambiri adali atabalalitsidwa ndi nkhondo za Angoni kuyambira m'ma 1850, maufumu awo atasweka, kotero sukulu ya mishoni idawapatsa poyambira pena. Kachiwiri, kumpoto kudalibe njanji, kudalibe minda ikuluikulu ya Azungu yonga ya ku Thyolo ndi Mulanje, misika idali kutali, koma msonkho wa nyumba boma linkaufunabe. Banja likafuna ndalama linkayenera kutumiza munthu kunja, ndipo aliyense adaona msanga kuti wopita ndi Chingerezi ndi masamu amakakhala kalaliki kapena kapitawo, pamene wopita chimanjamanja amakalowa pansi pa mgodi. Makolo ankagulitsa nkhuku, mapira, ngakhale ng'ombe kuti alipire fizi, pakuti Livingstonia idayamba kale kulipiritsa. Lipoti la boma la 1935 lofufuza za anthu opita kunja kukagwira ntchito lidayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland adali kunja kwa dziko. Ena adali ku Salisbury ndi ku Joni, ena ku migodi ya kopa, ena ku golide wa ku Lupa ku Tanganyika, kufupi ndi Mbeya. Ambiri adasanduka machona.

Vuto lidali lakuti makwerero amene Laws adaimika adathera pakati pa khoma. Iye ankalota koleji yeniyeni pa Khondowe, yodzakula kukhala yunivesite. Mu 1924 kudabwera nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zofufuza za maphunziro, pamodzi ndi Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, ndipo maganizo amene adapambana nthawi imeneyo adali akuti Mwafrika amafunika maphunziro a ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja za kumudzi, osati za m'mabuku akuluakulu. Laws adachoka mu 1927 maloto ake asanakwaniritsidwe. Dziko lonse la Nyasaland lidakhala lopanda sekondale mpaka 1940 pamene idatsegulidwa ya Blantyre. Ya Akatolika ku Zomba idatsatira mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951. Yunivesite ndiye idachita kudikira ufulu: idakhazikitsidwa mu 1964 n'kulandira ophunzira oyamba ku Chichiri mu 1965. Zaka zonse zapakatipo, amene ankafuna digiri adalibe kuchitira mwina koma kutuluka.

Woyamba kukumbukiridwa pa oyenda pansi ndi Kamuzu Banda. Ngakhale adali wa ku Kasungu, adaphunzira m'sukulu za Livingstonia yomweyi. Mbiri yake imati cha m'ma 1915 adatulutsidwa m'chipinda cha mayeso ndi m'mishonale T. Cullen Young, yemwe uja adadzalemba buku la mbiri ya Atumbuka ndi Akamanga, pomuganizira kuti akuonera. Adanyamuka wapansi ndi cholinga chokafika ku Lovedale, adagwira ntchito pachipatala cha Hartley ku Southern Rhodesia ndi kumigodi ya ku Johannesburg, ndipo ku Lovedale sadafikeko. Mu 1925 adawoloka kupita ku America: Wilberforce, Indiana, Chicago, mpaka adatenga udokotala ku Meharry mu 1937, kenako Edinburgh. Chaka chomwe chija cha 1915 nayenso Clements Kadalie wa ku Chifira, atamaliza uphunzitsi pa Khondowe, adatuluka m'dziko. Iye sukulu yake idakhala madoko a ku Cape Town, kumene adayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mu 1919.

M'badwo wotsatira udapeza njira zodziwikiratu. Ya kumwera inkathera ku Fort Hare, kumene adaphunzira Orton Chirwa wa ku Nkhata Bay ndi Masauko Chipembere, amene adayamba wadzera ku Goromonzi. Boma la tsankho la South Africa lidatseka khomo limenelo kwa ophunzira akuda akunja m'zaka za m'ma 1950. Ya kumpoto inkathera ku Uganda. Kanyama Chiume wa ku Usisya adakulira ku Tanganyika, adaphunzira ku Tabora ndi ku Makerere, n'kuphunzitsa ku Dodoma asanabwerere kuno mu 1955. David Rubadiri adadzera ku King's College Budo ndi ku Makerere, kenako Cambridge. Dunduzu Chisiza adapita ku Aggrey Memorial College ku Uganda komweko, pambuyo pake ku Fircroft College ku Birmingham. Kwa mnyamata wa kumpoto kwa Nyasaland, Mbeya, Tabora ndi Kampala adali mayina omveka tsiku ndi tsiku kwa amalume obwera kutchuthi, mwina kuposa Zomba. Ophunzira onse atchulidwawa ndi amuna. Atsikana ambiri ankalekezera pasukulu ya m'mudzi, ndipo padatenga nthawi kuti atulukire wonga Vera Chirwa, amene adakaphunzira zamalamulo ku London m'zaka za m'ma 1960 n'kukhala loya woyamba wamkazi wa Malawi.

Koma ulendo umene uli pafupi kwambiri ndi Hewe, pamtunda ndi pamoyo womwe, ndi wa Legson Kayira. Adabadwira m'mudzi wa Mpale, chakumpoto kwa Nyika, m'boma limene lero ndi Chitipa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Adali Mtumbuka, mwana wa banja losauka, ndipo adavutikira sukulu mpaka adafika ku sekondale ya Livingstonia. Kumeneko adawerenga za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, anthu obadwira muumphawi amene adakwera ndi maphunziro, n'kutsimikiza mtima kuti sukulu yake adzaipitiriza ku America. Ndalama adalibe, wodziwana naye kumeneko adalibe, ngakhale pasipoti adalibe. Pa 14 October 1958 adanyamuka wopanda nsapato, atatenga chakudya cha masiku ochepa, bulangete, kankhwangwa, mapu, Baibulo ndi buku la John Bunyan la Pilgrim's Progress. Maganizo ake adali okafika ku Egypt, kukapeza ntchito pasitima ya pamadzi yopita ku America. Padali patangopita miyezi itatu chibwerere Kamuzu pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40.

Ulendo wotere sukhala kuyenda kokhakokha. Kayira ankayenda chakudya chikalipo, chikatha ankaima n'kugwira ganyu m'minda ndi m'matauni a ku Tanganyika, akapeza kangachepe n'kunyamukanso. Ankagona m'midzi ya anthu osamvana nawo chiyankhulo, nthawi zina patchire. Pamene boma la atsamunda linkalengeza za chipwirikiti pa 3 March 1959 n'kuyamba kumanga atsogoleri a chipani cha Congress, iye adali m'njira. Adafika ku Mwanza m'mbali mwa nyanja ya Victoria, adagwirako ntchito mpaka adapeza ya sitima, ndipo kumayambiriro kwa 1960 adali ku Kampala. Masana ankagwira ntchito yolemetsa, mpata ukapezeka ankalowa m'laibulale ya boma la America. M'menemo adapeza buku la mndandanda wa makoleji a ku America, adatsegula, maso ake adagwera pa Skagit Valley College ya ku Mount Vernon m'chigawo cha Washington, ndipo adalemba kalata. Yankho lidabwera lomulandira, ndi lonjezo la thandizo la fizi.

Nthawi yomweyo ku Kenya Tom Mboya adali atayamba kutumiza ophunzira ku America pandege. Gulu loyamba la anthu 81 lidanyamuka mu September 1959. Awo adali ndi wowayankhulira. Kayira adapitiriza yekha kulowera kumpoto, pena wapansi pena pa chokwera chilichonse chimene chapezeka, mpaka Khartoum, mtunda woposa makilomita 3,000 kuchokera kwawo, kumene ofesi ya kazembe wa America idamupatsa viza. Ophunzira a ku Skagit ndi anthu a m'tauniyo atamva nkhani yake adasonkha ndalama ya ndege, ndipo adafika mu December 1960, patatha zaka ziwiri chinyamukire. Adapitiriza ku University of Washington, kenako ku St Catharine's College ku Cambridge. Buku la mbiri ya ulendo wake, I Will Try, lidatuluka mu 1965, ndipo dzina lake adalitenga pa mawu amene adali pa baji ya sukulu yake ya ku Livingstonia.

Nkhaniyi timakonda kuifotokozera ana ngati phunziro la khama, ndipo khama lidalipodi. Koma imanenanso zambiri za dziko limene mwana womaliza sekondale ankaona kuti kuyenda wapansi kupita ku Egypt n'kwapafupi kuposa kudikira mwayi kwawo. Ena adasankha kusayenda n'komwe. D.D. Phiri wa ku Mzimba adatenga digiri ya University of London powerenga yekha, maphunziro akumudzera papositi, ndipo pambuyo pake adatsegula sukulu yake yophunzitsa ena mwa njira yomweyo.

Kupita kudali kovuta, koma kubwerera kudadzavuta koposa. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu September 1964, Chiume, Orton Chirwa, Chipembere ndi anzawo adathawa m'dziko, Rubadiri adatula pansi ukazembe, ndipo wophunzira aliyense amene adali kunja adayamba kuyang'aniridwa ndi diso lokayika. Thandika Mkandawire, amene adapita ku Ohio State University mu 1962, adalandidwa pasipoti ndipo adakakhala zaka zambiri ku Sweden. Dzina lake lidakula pa maphunziro a zachuma mu Africa monse iye asakuloledwa kuponda kwawo. Kayira adakhazikika ku England. Adalemba The Looming Shadow, Jingala, The Civil Servant, ndi The Detainee ya 1974, imene nkhani yake ya munthu wamba womangidwa popanda mlandu sikadamulola kutera pa Chileka mwamtendere. Adamwalira ku London mu October 2012. Chakufwa Chihana wa ku Mhuju, m'boma la Rumphi, adakhala m'ndende popanda kuzengedwa mlandu kuyambira 1971 mpaka 1977. Atatuluka adakaphunzira ku Ulaya, kuphatikizapo ku Oslo ndi ku Bradford, ndipo pa 6 April 1992 adamangidwanso atangotsika ndege ku Lilongwe kudzaitanitsa ndale za zipani zambiri.

Kunonso zitseko zidayamba kuchepa kwa ana a kumpoto. Mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kudabwera kasankhidwe ka ophunzira a ku yunivesite potengera boma lochokera, kotchedwa kota, ndipo mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo. Kota idaimitsidwa, idabwereranso mu 2009, n'kuthetsedwa mu 2020. Anthu amatsutsana mpaka lero ngati idali chilungamo kapena tsankho, koma zotsatira zake ku maboma onga Rumphi, kumene kalembera amaonetsa kuti odziwa kulemba ndi kuwerenga ndi ochuluka kuposa madera ambiri, zidali zoonekeratu: mwana wokhoza bwino ankatsala, ndipo banja lokhala ndi m'bale ku Lusaka, Kitwe kapena Dar es Salaam linkamutumiza kumeneko.

Padalinso ophunzira akunja amene adabwera kudzaphunzira dera lino lenilenilo. George Bond, Mmerika wakuda amene ankaphunzira ku London School of Economics, adakhala kwa Muyombe m'zaka za m'ma 1960, kutsidya kwa malire a Hewe, ndipo buku lake la 1976 likufotokoza mmene anthu ophunzira m'sukulu za Livingstonia adasinthira ndale za ufumu wa kumeneko. Leroy Vail, amene ankaphunzitsa ku University of Malawi, adayenda m'midzi ya ku Rumphi cha m'ma 1970 kufunsa akuluakulu mbiri ya Abalowoka, ndipo digiri yake yaikulu ya ku Wisconsin idali ya galamala ya Chitumbuka. Mu 1972 gulu la ophunzira a ku Wye College ku England lidadzafufuza zomera ndi nyama za kumpoto kwa Nyika. Alendo otere, ndi ena ambiri obwera pambuyo pawo, akatopa ndi mabuku amakwera ku Chelinda kukaona mbidzi ndi nchefu, kapena kutsikira ku Kazuni kukaona njovu ndi mvuu. Zimandikhudza ndikakumbukira kuti pamene paki ya Nyika, yokhazikitsidwa mu 1965, inkakuzidwa mu 1978 kufika pa masikweya kilomita oposa 3,000, komanso pamene Vwaza inkatetezedwa, midzi yambiri idasamutsidwa, ndipo zidzukulu za osamukawo zimaona malo a makolo awo zili kunja kwa waya. Mwana wa sukulu wa m'mphepete mwa pakiyo angathe kumaliza Fomu 4 asanaponde pa Chelinda, pamene mnzake wa ku Glasgow wafikapo sabata yake yoyamba.

Boma lidaphunzira mochedwa kuti kutumiza ana kunja kuli ndi mtengo wake wobisika. Madokotala ndiwo chitsanzo: ambiri amene adatumizidwa kukaphunzira ku Ulaya sadabwerere. Kuyambira 1986 ophunzira zaudokotala ankayambira ku Britain, Australia kapena South Africa n'kudzamalizira kuno pamene College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Kumpoto kudabwera Mzuzu University, imene idalandira ophunzira oyamba mu 1999, ndipo mu 2003 Sinodi ya Livingstonia idatsegula yunivesite pa Khondowe, patatha zaka 76 Laws atachoka.

Lero mayina a mwayi wopita kunja ndi ambiri: Commonwealth, Chevening, Fulbright, Beit, ndi malo amene maboma a China ndi India amapereka. Ubale wa Malawi ndi Scotland, umene udasainidwa mwalamulo mu 2005, udalumikiza sukulu zambiri za maiko awiriwa, ngakhale kuti obwera kuno amachuluka kuposa opita uko. Zambiri mwa izi ndi za amene ali kale ndi digiri yoyamba, ndipo zimafuna intaneti yodalirika, pasipoti, mayeso a Chingerezi olipira m'ndalama zakunja, ndi maulendo a ku Lilongwe. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, zonsezi zidakwera mtengo tsiku limodzi. Mwana wa pa sekondale yoyendera ya ku Hewe, amene makolo ake amadalira fodya ndi chimanga, amayamba mpikisanowu ali kumbuyo kwenikweni, ndipo sangachite za Kayira, chifukwa malire a masiku ano salola munthu wopanda mapepala kudutsa maiko anayi.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti tikamakamba zophunzira kunja maso athu amathamangira ku London ndi ku Beijing, kuiwala kunja kumene kuli pakhomo. Mu September 1997 maiko a SADC adasainirana ku Blantyre pangano la zamaphunziro, lonena kuti yunivesite za dziko lililonse zizisunga malo osachepera 5 pa 100 alionse a ophunzira ochokera m'maiko anzawo a m'bungweli, ndi kuti m'kupita kwa nthawi azilipira fizi yofanana ndi eni dziko. Ku Mbeya kuli mayunivesite. Ku Chinsali, kumene David Kaunda adakaphunzitsa, kuli Kapasa Makasa University. Wophunzira za nkhalango kapena za nyama zakutchire wa ku Mzuzu akadapindula kukhala teremu imodzi kutsidya, poti Nyika ndi phiri limodzi lokhala ndi mapaki awiri, ina ya Malawi ina ya Zambia, ndipo njovu za ku Vwaza zimawoloka malirewo chaka ndi chaka. Chofunika ndi chakuti masukulu a mbali ziwirizi azivomerezana zimene wophunzira wakhoza kwa mnzake, ndiponso kuti msewu wochokera ku Rumphi kudzera ku Bolero kukafika pachipata cha Katumbi uzidutsika ngakhale mu February.